Kuperekeza Anti Mathilda

Christabel anafika ku Canada mu Ogasiti 1996, koma pofika Novembala, Canada amene ankamudziwa anali wa pa windo la kukhitchini. Kamsewu kamodzi kokhota, nyumba zofanana ngati anachita kuzidinda, mtengo wothothoka masamba, ndi mzungu wina amene ankathamanga ndi galu m'mawa uliwonse popanda womupirikitsa. Basi. Ameneyo ndiye anali Canada yense.

Anamuitanitsa ndi achimwene ake, a Howard, amene ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Mississauga. Pa foni anachita kunena mokoma, ati bwera udzaphunzire, kuno makoleji ali mbwee. Ku Zomba kunali chisangalalo, amayi a kutchalitchi anadzaza minibasi kumuperekeza mpaka ku Chileka. Koma atafika, koleji ija inasanduka Naomi, mwana wa a Howard, wazaka zitatu, amene Chichewa ankadziwa mawu amodzi okha, "ayi". Alamu ake, a Eunice, ankasamalira okalamba ku nyumba ina ya okalamba, mashifiti osatha, ndipo galimoto ya pakhomopo inkakhalira iwowo.

Nkhani ya sukulu ikangodzuka, a Howard ankayankha chimodzimodzi, ati uyambe waajasita, ulizolowere kaye dzikoli. Koleji imene Christabel ankaifuna inali m'kati mwa Toronto, ndipo ofuna kuyamba mu Januwale ankalembetsa mu Novembala momwemo. A Howard ankati ukapita bwanji iwe wosadziwa njira. Christabel akati ndiye mundionetse njirayo, ankati nthawi palibe. Akati ndiye ndikayese ndekha, ankati usochera. Ndiye taonani bwino apa. Sukulu sangapite chifukwa sadziwa njira. Njira sangaidziwe chifukwa satuluka. Kutuluka sangatuluke chifukwa sadziwa njira. Munthu wophunzira akafuna kukutsekera m'nyumba safuna loko.

Tsiku lina Christabel atakakamira kwambiri, a Howard anayika supuni pansi.

"Tamvera, Chris. Tsiku limene udzatuluke wekha pakhomo pano, ndikakukweza ndege ya ku Malawi. Sindikufuna kukafotokozera mayi kuti mwana wawo anasowa ali m'manja mwanga."

Christabel anati chabwino achimwene, n'kuchotsa mbale. Koma amene anakula naye ku Chinamwali akanawachenjeza a Howard kuti mtsikana ameneyu akati chabwino mofatsa choncho, muyambe mwaona ngati pa mpando wanu palibe singano.

Nkhondo anaiyamba pang'onopang'ono. Pochapa mathalauza a achimwene ake, makobidi onse opezeka m'matumba ankawasunga mu sokisi, ati za m'thumba lobwera kochapa ndi za wochapa. Kenaka panali nkhani ya chitenje. Anali ndi chitenje chake chachikasu cha nsomba zobiriwira, ndipo ankakonda kuchipachika pa windo la kuchipinda kwake, loyang'ana kumsewu. A Howard ankadana nazo koopsa. Ankati kuno anthu sapachika nsalu m'mawindo, aneba aziti m'nyumba muno mwalowa msika. Iwo kuchotsa, iye kupachika. Iwo kuchotsa, iye kupachika.

Loweruka lina kunabwera mlendo, Anti Mathilda. Anali mayi wamkulu wa ku Chipata, namwino ku Oshawa, amene aliyense wolankhula chinenero chathu kuchokera ku Oakville mpaka ku Oshawa ankamutchula Anti, kaya ndi m'Malawi kaya ndi m'Zambia. Anabwera pa basi ndi sitima, mawondo akuwawa, kudzaona mwana wofika kumeneyu. Anadya, anapemphera, anafunsa za sukulu, a Howard n'kuyankha kuti akuajasita kaye. Anti anangoti mmm.

Nthawi yotsanzika itakwana, a Eunice anali atapita kale ku shifiti ndi galimoto. Anali atawasiyira Anti chikwama chachikulu cha zovala zimene Naomi anazipitirira, zokapatsa mdzukulu wawo. A Howard anafika pa chitseko atavala masokisi okha, diso limodzi lili pa TV, n'kunena kuti muyende bwino Anti, mukafika mufone.

Anti anayang'ana chikwama, n'kuyang'ana masokisi aja.

"Ba Howard, kwanu ku Malawi munaleka kupelekeza alendo? Olo ni Canada yamene inakudyani?"

A Howard asanapeze poyambira, Christabel anali atavala kale chijasi cha alamu ake, nsapato kuphazi, chikwama m'manja. Anati achimwene musavutike, khalani ndi Naomi, Anti ndiwaperekeza ine, mlendo wamkulu sangatuluke yekha ngati wathamangitsidwa. Ananena maso ali pansi, mawu ofewa ngati mwana wa kwaya. A Howard akanakana bwanji pamaso pa Anti? Anangoika malire.

"Mpaka pa siteji ya basi. Basi ikangonyamuka, ubwerere."

Christabel anati chabwino achimwene. Sokisi ija inali kale m'thumba la jasi, ndipo chitenje chinali pa windo.

Pa siteji sanadikire kwambiri. Basi itafika, Christabel anati Anti tsogolani, ndikukwezereni chikwamachi. Anakwera, anayika chikwama, n'kuponya makobidi m'kabokosi ka pafupi ndi dalaivala monga anaonera Anti akuchitira. Chitseko chinatseka, basi n'kunyamuka. Anti anayang'ana sokisi ija, kenaka nkhope ya mwiniwake, n'kuyamba kuseka mapewa okha.

"Iwe mwana, unakonzekela."

Christabel anati ayi Anti, kungoti kwathu mlendo wa katundu sitimusiya panjira.

Koma musaganize kuti ankangoyenda ngati thumba la chimanga. Nambala ya basi anaiyika m'mutu. Njira ankaisunga monga timasungira kwathu, ndi zizindikiro. Ku Zomba umati ukafika pa mtengo wa mango ukhote, ukapitirira chigayo ufunse. Kuno mango kunalibe, ndiye anasankha sitolo ya madonasi ya chikwangwani chofiira imene inali pafupi ndi siteji yawo. Chizindikiro choyamba chimenecho. Atatero mtima unakhala pansi, n'kuyamba kucheza ndi Anti osayang'ananso kunja.

Basi inathera pa siteshoni ya sitima yapansi, Islington. Apa Anti anati manje bwelela, wapelekeza mokwana. Christabel analoza masitepe otsikira pansi n'kufunsa kuti mawondo amenewo ndi chikwama ichi zigwirizana bwanji. Anatsika limodzi. Sitima inabwera ndi mphepo yake, anakwera. Pamene anasintha sitima, Christabel anafunafuna chizindikiro ndipo anachipeza pa khoma, chithunzi chachikulu cha mayi wa mano oyera mbee, atanyamula mankhwala otsukira mano. Chizindikiro chachiwiri.

Anafika ku Union, kumene Anti ankakwerera sitima yobiriwira yolowera kwawo. Chinyumba chake denga lili kumwamba ngati la katedulo, anthu akuthamanga aliyense ndi nkhope yake. Apa m'pamene Anti anasiya kuseka n'kumufunsa kuti abwerera bwanji. Christabel anafotokoza monyadira. Ati ndikwera sitima, ndikaona mayi wa mano uja nditsika n'kusintha, kenaka basi, ndikaona sitolo ya madonasi ndafika.

Anti anagwira kumutu. Anati sizingatheke, pali ziwiri basi. Kaya iwo abwerere naye mpaka pakhomo pa a Howard, kaya apite naye ku Oshawa akagone, achimwene ake akamutenge mawa pa galimoto.

Christabel anaziona zonse ziwiri m'maso mwake. Kufika pakhomo atagwiridwa dzanja ngati mbuzi yolowa m'munda mwa eni. Kapena kukhala kumbuyo kwa galimoto, a Howard akulalikira kuchokera ku Oshawa mpaka ku Mississauga. Konse kuwiri mapeto ake anali amodzi, kutuluka watuluka, njira sanaidziwe, ndege ikudikira. Ngati kumukweza ndege amukweze, koma osati asanayendepo yekha mumzinda uno ngakhale kamodzi.

Anasankha Oshawa. Anti anasangalala, anamugulira tikiti, ati tikaphika kapenta, usipa wa kwawo. Analowa m'sitima, Christabel anawapezera mpando wa pa windo, anayika chikwama pansi pa mpando, anawakonzera mpango m'khosi. Kenaka anati akufuna aone kaye panja kamodzi. Belu la chitseko litalira, iye anangoti phazi limodzi, phazi lachiwiri, ali panja. Chitseko chinatseka.

Anti anadzuka mawondo aja ataiwalika, n'kumamenya galasi. Christabel anaima pa windo pawo, anapinda mawondo mwaulemu, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono monga tichitira potsanzika akuluakulu. Sitima inanyamuka ndi Anti, pakamwa pakuyenda koma mawu osamveka. Za tikitiyo anadzapepesa pambuyo pake.

Sitima itapita, kuseka kunatha. Anatembenuka, n'kupeza kuti makomo onse akufanana ndipo palibe ngakhale munthu mmodzi m'dziko lonseli amene akudziwa pamene iye waima. Koma panalinso kena kake kokoma, kangati kamene umamva ukakwera njinga koyamba wokugwirira uja atasiya.

Anati afunse. Koma kwathu sufunsa njira usanapereke moni, ndiye anaimitsa bambo wina wa chikwama cha mu ofesi n'kuyamba bwinobwino, mwaswera bwanji, kunyumba ali bwanji, m'Chingerezi chake cha ku sekondale. Bamboyo anati pepani ndilibe makobidi, n'kupitirira. Wachiwiri, mayi wina, anagwiritsa chikwama chake. Wachitatu sanaime n'komwe. Christabel anatsonya. Iye mwana wa mphunzitsi wamkulu, wavala jasi la madola, akumuyesa wopemphetsa chifukwa cha moni.

Pa khoma panali mafoni a makobidi. Nambala ya kunyumba ankaidziwa pamtima. Anatulutsa kobidi, anafika mpaka pogwira foniyo. Kenaka anawamva a Howard m'khutu, mawu ofatsa aja, ati ima pomwepo usasunthe, ndinanena ine. Anabweza foni pamalo pake, kobidi n'kubwerera mu sokisi.

Anatsata gulu la anthu otsikira pansi ndipo anaipeza sitima yapansi ija. Anakwera, maso pa windo, kudikira mayi wa mano. Siteshoni yoyamba yomwe, mayi uja ali pa khoma, akumwetulira. Christabel anati koma pobwerera njira imafupika, n'kutsika. Anazungulira kufuna sitima yosinthira, osaipeza. Anakwera yotsatira. Siteshoni inayo, mayi yemweyo, mano omwewo. Inayo, alinso pomwepo. M'kati mwa sitima momwemo, pamwamba pa mutu wa mnyamata wina wogona, mayi uja analimo. Christabel anamuyang'ana n'kumuuza chamumtima kuti mayi inu ndinu mfiti.

Ndiye anakhala pansi n'kuganiza. Anthu onsewa safunsana, sapatsana moni, koma aliyense akutsika pake. Akuona chiyani? Anatsata maso a mtsikana wina amene anali ataima pa chitseko, n'kuona kuti akuyang'ana kachithunzi ka mizere pamwamba pa chitsekocho, mzere wachikasu wopindika, wina wobiriwira wodutsa pakati, mayina ali ndondondo. Anaimirira, anayendetsa chala pa mzere wobiriwira mpaka anapeza Islington, kufupi ndi kumapeto. Anaona pamene mizere iwiriyo ikukumana. Anatsika pamenepo, osalabadiranso za mano a munthu.

Kusintha anasintha bwino, koma anakwera yolowera kolakwika. Anazindikira sitima itatuluka pansi n'kuyamba kuyenda pa mlatho wautali, kumunsi kuli chigwa, mitengo ndi magalimoto aang'ono ngati nyerere. Mlatho umenewu popita ndi Anti sanauwoloke. Anakhala kaye n'kuuona bwinobwino, poti anali atalipira. Kenaka anatsika, anawolokera mbali inayo, n'kukwera yobwerera. Ulendo uno ankawerenga dzina lililonse ndi milomo, ndipo lililonse linkabwera pamene chala chinanena kuti libwera. Pofika ku Islington anali atapinda mwendo, akuyang'ana anthu olowa ngati sitimayo ndi ya bambo ake.

Basi ya nambala ija anaipeza. Dzuwa la kuno mu Novembala silichedwa, kunja kunali kutayamba kuda anthu asanaganize n'komwe za chakudya chamadzulo. Chikwangwani chofiira cha madonasi chitangoonekera, Christabel anaimirira n'kugogoda galasi ndi kobidi monga amachitira mu minibasi ya ku Limbe. Basi yonse inatembenuka. Gogo wina wachizungu anakoka kachingwe ka m'mbali mwa windo, kabelu kanalira, basi inaima. Christabel anathokoza n'kutsika, kachingweko atakasunga m'mutu.

Sitolo inali yomweyo, koma malo sanali omwewo. Kutsogolo, patali ndithu, kunkawala chikwangwani china chofiira. Apa anaseka yekha mokweza, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Dziko lanji limene chigayo chimodzi achibereka m'makona onse? Sanadikire basi ina. Anati njira ya basi ndi yomweyi, ndiitsata wapansi. Anayenda, makutu akuwawa, zala za kuphazi zitasiya kuyankha. Tinthu toyera tinayamba kugwa kuchokera kumwamba, tochepa, tosungunuka tikangofika pa jasi. Anatulutsa lilime n'kulawa kamodzi. Sikanakome chilichonse, koma anakalawa yekha, popanda womuuza kuti uyambe waajasita.

Sitolo yachiwiri sinali yake. Yotsatira ndiyo inali ndi siteji imene anakwerera. Anakhota, n'kulowa m'timisewu tokhotakhota tija, nyumba zodinda zija zili ndii mbali zonse, zitseko zofanana, magalaja ofanana, manambala obisala mumdima. Anazungulira mpaka anadutsa galimoto imodzi yofiira kawiri. Apa mwendo unayamba kulemera, ndipo anayamba kuganiza kuti mwina chitenje chija achimwene achichotsa kale monga mwa masiku onse.

Kenaka anachiona. Windo limodzi lokha mumsewu wonsewo linali lachikasu, nsomba zobiriwira zikusambira. Chitenje chinali pomwepo, ndipo kumbuyo kwake munthu anali atayatsa getsi. Iye pochoka getsi analisiya lozima.

Sanafike pogogoda. Chitseko chinatseguka chokha, a Howard ali poteropo, atavala jasi ndi nsapato, Naomi ali m'manja naye atamuveka jasi, ngati anthu a paulendo amene sakudziwa kolowera. Zinadzamveka pambuyo pake kuti Anti anafona atangotsika sitima, ndipo sanafone kuti apepese. Anawasambitsa a Howard chokweza, ati mwasunga munthu wamkulu m'nyumba monga nkhuku ya Khrisimasi, akasowa mulandu ni wanu.

A Howard anatsitsa Naomi. Anafunsa kuti anati aperekeze mpaka pati. Christabel anavula nsapato mosafulumira n'kuyankha kuti mayi anawaphunzitsa onse awiri kuti mlendo wamkulu umamusiya pamene katundu wake wakhala pansi, ndipo katundu wa Anti anakhala pansi ku Union. A Howard anafunsa kuti wamubweretsa ndani. Anati palibe. Anafunsa ngati wakwera takisi. Christabel anayamba kutchula njira yonse, nambala ya basi, Islington, posinthira, mzere wachikasu, mzere wobiriwira. Anawonjezera kuti akakhala ndi mpata adzawatenga akaone mlatho wina wokongola kummawa, poti zikuoneka kuti iwo amangodziwa msewu wa ku ofesi. Za mayi wa mano sananene.

"Ukukumbuka zimene ndinanena?" anafunsa a Howard, mawu ali pansi.

"Ndikukumbuka, achimwene. Ngati ndi ndege, gulani tikiti. Koma musavutike kundiperekeza ku eyapoti, mungondiuza nambala ya basi. Ngati si ndege, Lolemba ndikupita kukalembetsa sukulu. Za Naomi mukambirane ndi alamu, masana ine kulibe."

Naomi anayang'ana bambo ake, anayang'ana azakhali ake, n'kunena mawu ake amodzi aja, ayi, ngakhale palibe anamufunsa. A Howard anavula jasi, analipachika, analowa kukhitchini. Christabel anamva ketulo ikudzazidwa madzi. Patapita kanthawi anatuluka ndi kapu ya tiyi, anamupatsa osamuyang'ana, n'kunena kuti makutu akowo ukawaike m'madzi ofunda, osati otentha. Za ndege sizinatchulidwenso. A Eunice atabwera ku shifiti panali kukambirana kwautali kuchipinda, chitseko chotseka, mawu oti deyikeya, kosiya ana masana, akumveka kangapo, koma zimenezo zinali za eni mwana.

Lolemba m'mawa Christabel anatsika atavala, mapepala ake a sukulu ali m'chikwama. Anapeza a Howard ataima pa chitseko ndi makiyi a galimoto. Anati apempha kuchedwa ku ntchito, a Eunice awasiyira galimoto, amudiraiva mpaka ku koleji komweko poti tsiku loyamba ndi lovuta.

Christabel anatenga makiyi aja m'manja mwawo n'kuwayika pa tebulo.

"Ngati mukufuna kundiperekeza, achimwene, valani chipewa, kunja kukuzizira. Mpaka pa siteji ya basi. Basi ikangonyamuka, mubwerere."

Anayenda limodzi mpaka pa sitolo ya madonasi, a Howard akulongosola za anthu akuba m'sitima, iye akungoti ee, ee. Basi itafika anakwera, anaponya makobidi ochokera m'mathalauza a munthu yemwe ankamubayibitsayo, n'kukhala mpando wa pafupi ndi kachingwe.